Mmene bawo, drafti ndi makhadi zinakhazikikira m'nyumba mwathu

Bambo anga anabwera kuno ku Lilongwe kuchokera kwathu ku Nkhotakota kumayambiriro kwa mwezi wa Malichi m'chaka cha 2020 kuti adzawachite opaleshoni ya ng'ala m'diso la kumanja, ndipo tonse tinkayembekeza kuti pakatha masabata atatu abwerera kumudzi. Diso lisanapole bwino, boma linalamula kuti sukulu zonse zitsekedwe kuyambira pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ine ndi amuna anga tinaona kuti sichingakhale chanzeru kukweza munthu wamkulu wa zaka 74 m'minibasi yothithikana pa nthawi ngati imeneyo. Motero anakhala nafe miyezi 7, pamodzi ndi ana athu atatu: wachisamba, mnyamata wa zaka 14, wachiwiri, mtsikana wa zaka 11, ndi mzime wathu, mtsikana amene panthawiyo anali ndi zaka 7. M'miyezi imeneyo banja lathu linaphunzira kusewera pamodzi, ndipo ndalemba izi chifukwa makolo anzanga kutchalitchi ndi kuntchito akhala akundifunsa masewera amene angayambe nawo, komanso chimene chimachititsa kuti kwawo ana asewere masiku awiri okha, kenako n'kukangana, n'kusiyiratu.

Masabata oyambirira anali ovuta. Aliyense ankakhala kwayekha, wachisamba pa foni ya bambo ake, atsikana pa TV, ndipo magetsi akazima m'nyumba munkangomveka kulimbana pa nkhani zopanda mutu. Bambo ankakhala pakhonde tsiku lonse osayankhula zambiri, ndipo ndinkadziwa kuti akusowa anzawo amene amakumana nawo masana alionse pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi doko. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pansi ndi mzime uja, akukumba timaenje pa dothi ndi supuni yakale. Anakumba mizere inayi, mzere uliwonse maenje 8, kenako anatulutsa kathumba kansalu kamene anabwera nako kuchokera kunyanja. Munali nkhomo, njere zolimba zotuwa zija zosewerera bawo, zimene zinali zitasalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri. Bolodi yawo anaisiya kumudzi chifukwa ndi yolemera, koma nkhomo sankapita ulendo osazitenga.

Ngakhale ndinakulira m'nyumba ya katswiri wa bawo, ine sindinkaidziwa. Kwathu bawo inali ya amuna. Atsikanafe tinkasewera phada, fulaye ndi jingo, ndipo pabwalo la bawo tinkangofikapo kukapereka madzi akumwa kapena kukauza bambo kuti nsima yapsa. Palibe amene anandiletsa, koma palibenso amene anaganiza zondikhazika pansi n'kundionetsa. Nditaona mwana wanga wamkazi atagwada moyang'anizana ndi agogo ake, manja ali fumbi lokhalokha, ndinatula dengu n'kupempha kuti nanenso andiphunzitse. Anandiyang'ana kwa kanthawi ndi diso lawo labwino lija, n'kunena kuti, "Khala apa, mwana wanga, nkhomo zikwanira." Ndinali ndi zaka 41.

Anatiyambitsa ndi bawo yophweka, imene iwo amaitcha ya ana, ndipo aliyense wofuna kuphunzitsa banja lake ndikumulangiza kuti ayambire pomwepo. Maenje onse ndi 32 ndipo nkhomo ndi 64, choncho dzenje lililonse limayamba ndi nkhomo ziwiri. Wosewera aliyense ali ndi mizere iwiri ya mbali yake, wakutsogolo ndi wakumbuyo, ndipo nkhomo zake zimazungulira m'maenje 16 amenewo basi, sizidutsira kwa mnzake. Nthawi yako ikafika umatola nkhomo zonse za m'dzenje limodzi lokhala ndi ziwiri kapena kuposerapo, n'kumagwetsa imodziimodzi m'maenje otsatizana, kulowera kumanja kapena kumanzere. Nkhomo yomaliza ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, wagona, ndipo mnzako amasewera. Ikagwera m'dzenje lokhala ndi zina, umatola zonsezo n'kupitiriza ulendo. Koma ikagwera m'dzenje la mzere wakutsogolo lokhala ndi nkhomo, pamene dzenje la mnzako loyang'anizana nalo lilinso ndi nkhomo, umadya, kutanthauza kuti umatola za mnzakozo n'kuyamba kuzigwetsa mu mzere wako wakutsogolo kuyambira kumapeto kwake. Ngati pali poti udye suloledwa kusewera pena, ndipo ngati palibe umangotakata, ndiko kuyendetsa nkhomo zako osadya kanthu mpaka zitagona. Wagonja ndi amene mzere wake wakutsogolo watheratu, kapena amene watsala ndi nkhomo imodziimodzi m'maenje moti sangathenso kuyenda. Malamulo ang'onoang'ono amasiyana malinga ndi dera, koma msana wake ndi umenewu.

Patapita mwezi amuna anga anagula bolodi ya mtengo wa mbawa kwa osema ziboliboli, yopinda pakati ngati buku, ndipo ana anafunsa chifukwa chake maenje awiri anali a ngodya zinayi pamene ena onse anali ozungulira. Bambo anawauza kuti imeneyo ndi nyumba, imene ena amati kuu, ndipo imagwira ntchito pa bawo ya akuluakulu, yokhoma. Pa bawo imeneyo aliyense amayamba ndi nkhomo 8 m'nyumba, ziwiriziwiri m'maenje awiri otsatira kumanja kwake, ndipo nkhomo 20 zotsalazo amazisunga m'manja. Nthawi iliyonse amatenga imodzi ya m'manjamo n'kuiwonjezera pa dzenje la kutsogolo limene muli kale zina, ndipo ngati la mnzake loyang'anizana nalo lili ndi nkhomo, amadya pomwepo. Za m'manja zikatha, masewera amapitirira ngati bawo ya ana ija. Pofotokoza zimenezi bambo ankakonda kukumbutsa adzukulu awo kuti mawu akuti bao ndi Achiswahili ndipo amatanthauza thabwa, kuti ku Zanzibar amayamba ndi nkhomo 6 m'nyumba ndi 22 m'manja, komanso kuti akuluakulu a kwathu ankati masewerawa anakhazikika ku Nkhotakota m'masiku a Jumbe, pamene zombo za amalonda Achiswahili zinkawoloka nyanja. Abale ake a bawo ndi ntchuwa, nsolo ya ku Zambia ndi tsoro ya ku Zimbabwe. Wachisamba wathu anaigwira bawo yokhoma patatha masabata angapo, koma mwana wosakwana zaka 10 musamuyambitse ndi imeneyi, chifukwa malamulo a nyumba amamusokoneza asanazolowere ngakhale kuwerenga maenje.

Chimene sindidzaiwala ndi mmene bambo ankasewerera pa nthawi imene diso linali lisanayere. Sankadalira maso. Ankayendetsa nsonga za zala pamwamba pa maenje a mbali yawo, n'kudziwa kuti umu muli zinayi, umu muli 7, kenako dzanja linkatsika mwakachetechete, n'kumveka kaphokoso ka nkhomo zikugwera pa thabwa, kho, kho, kho, mpaka ulendo utatha. Mzime wathu ankafuna kuthamanga chimodzimodzi, ndipo ankangotola dzenje lililonse lodzaza poganiza kuti nkhomo zambiri ndiye kudya kwambiri. Agogo ake ankamugwira dzanja mofatsa n'kumuuza kuti, "Dekha, mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Werenga kaye, yomaliza igwera pati?" Iye ankaloza ndi chala dzenje ndi dzenje akuwerenga mokweza, ndipo tsiku lina anatulukira yekha kuti akatola nkhomo 16 yomaliza imabwerera m'dzenje lomwe watolamo. Anathamangira kukhitchini kudzandiuza zimenezi ngati wapeza ndalama panjira. Sindinganene kuti bawo ndiyo inamuphunzitsa masamu, koma ndinaona ndi maso anga kuti anasiya kuopa kuwerengera zinthu mumtima.

Vuto la bawo pabanja ndi lakuti amasewera anthu awiri okha, ndipo ife tinali 6. Tinayesa zoti wopambana azikhala, wogonja azipereka malo, koma bambo sankachoka pa bolodi, ndipo ana ankatopa ndi kudikira. Apa m'pamene ludo inatithandiza. Ludo imalola anthu anayi, aliyense ndi timabatani tinayi ta mtundu wake, ndipo kabatani sikatuluka m'nyumba pokhapokha dayisi itaonetsa 6. Masewerawa anachokera ku pachisi wa ku India, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti dayisi sadziwa mkulu kapena mwana, moti mzime ankatha kupambana bambo ake popanda wina kumuthandiza. Kuipa kwake ndi misozi imene imabwera kabatani ka mwana kakadyedwa katatsala pang'ono kufika, n'kubwezedwa kunyumba. Tinapeza kuti misozi imachepa mwana akauzidwa masewera asanayambe kuti zimenezi zichitika, kwa iye ndi kwa ena omwe, ndiponso akaona wamkulu akubwezedwa n'kulandira mosanyinyirika. Kuseri kwa bolodi ya ludo kunali njoka ndi makwerero, masewera a timabokosi 100 amene sasowa nzeru iliyonse. Anatithandiza masabata awiri, kenako ana onse anawatopa, ndipo ndimaona kuti ndi oyenera ana a zaka zinayi kapena zisanu amene akuphunzira manambala.

Drafti ndi masewera a amuna anga, amene anawaphunzira ali ku sekondale yogonera konko. Sitinagule kanthu. Anajambula timabokosi 64 pa katoni, n'kudetsa theka lake modumphitsa, ndipo ana anatolera zitsekerero za mabotolo 24, zina 12 zoyang'ana kumwamba, zina 12 zovundikira. Chitsekerero chimayenda mopendekera pa timabokosi takuda tokha, chimadya polumpha cha mnzako ngati kuseri kwake kuli malo, ndipo chikafika kumapeto kwa bolodi chimasanduka kingi, amene timamuzindikira posanjikiza zitsekerero ziwiri. Pa drafti palibe dayisi yoti ipulumutse wofooka, choncho wodziwa amapambana nthawi zonse, ndipo apa m'pamene ndinalakwitsa chinthu chimene ndikufuna makolo anzanga asachibwereze.

Mzime ankagonja tsiku lililonse, ndipo nkhope yake ikagwa mtima unkandipweteka. Ndinayamba kumusiyira dala. Ndinkaika chitsekerero changa poti adye, ndipo poti ine ndidye ndinkachita ngati sindinaone. Anapambana madzulo atatu otsatizana, n'kumauza aliyense, ngakhale ana a pafupi kudzera pampanda, kuti iye amawapambana amayi ake pa drafti. Madzulo achinayi mkulu wake anali atakhala pambali akuonerera, ndipo mosaganiza choipa ananena kuti, "Amayi, bwanji simunadye apa? Mwaonatu bwinobwino, ndipo lamulo likuti kudya n'kokakamiza." Mzime anayang'ana pa bolodi, kenako anandiyang'ana ine kwa nthawi yaitali, n'kufunsa ndi mawu otsika kuti, "Amayi, ndiye kuti masiku onsewa mumangondisiyira?" Sindinathe kumunamizanso. Sanalire, sanagubuduze bolodi, anangonyamuka n'kukalowa kuchipinda. Kwa masabata pafupifupi awiri anakana kusewera nane chilichonse, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ngakhale akapambana ludo, kumene palibe angamusiyire, ankafunsa ngati wapambanadi.

Usiku womwewo ana atagona, bambo anandiitana pakhonde. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwana wanga, ukafuna kumuthandiza, muthandize poyera, iye akuona. Ukamuthandiza mobisa, tsiku limene adzapambanedi sadzakhulupirira." Pamenepo ndinazindikira kuti iwo ankachita zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Sanasiyirepo mdzukulu aliyense nkhomo ngakhale imodzi, koma ankalola ana kuwerenga ndi chala nthawi yonse imene akufuna pamene iwo ankasewera nthawi yomweyo, ndipo pa masewera alionse ankapatsa mwana mwayi umodzi wobweza dzanja pomuuza kuti, "Taonanso bwino." Mwana ankadziwa thandizo limene walandira, ndipo ankadziwanso kuti china chilichonse ndi mphamvu zake.

Ndinapepesa mzime uja m'mawa mwake, ndipo atavomera kubwerera pa drafti tinapangana poyera. Ine ndinkayamba ndi zitsekerero 9 iye ali ndi 12, ndipo ndinamulonjeza kuti ndisewera ndi nzeru zanga zonse. Akapambana kawiri motsatizana ndinkabwezeretsa chitsekerero chimodzi. Kuyambira mu Juni mpaka kumapeto kwa Seputembala anafika poti ndinkachotsa chimodzi chokha, ndipo ankadziwa bwino lomwe masitepe amene wakwera. Amuna anga ankachita chimodzimodzi ndi wachisamba, ndipo njira imeneyi ndiyo inachititsa kuti drafti, imene ikanakhala ya bambo ndi mwana wamwamuna okha, ikhale ya tonse.

Makhadi ndinawakana nthawi yaitali. Ndinakula ndikudziwa kuti makhadi ndi juga, ndipo ndinali ndi chifukwa, popeza mbale wathu wina kumudzi anagulitsa njinga ndi matumba a mpunga chifukwa chotchova juga, ana ake n'kugona ndi njala. Amuna anga atabwera ndi paketi ya makhadi ndinawauza kuti sindikufuna kuwaona m'nyumba mwanga. Anandiyankha modekha kuti chimene chinawononga mbale wangayo ndi ndalama zimene ankaika pansi, osati mapepalawo, ndipo kuti mnyamata wathu adzawapeza makhadi kwa anzake ngakhale ife titawabisa, choncho n'kwabwino awadziwire pamaso pathu ngati masewera opanda ndalama. Ndinaganizira mawu amenewa masiku angapo, kenako ndinavomera, ndipo lero ndikuvomereza kuti pa masewera onse amene tinayesa, makhadi ndiwo okha amene ankakhazika anthu 6 pa mphasa imodzi nthawi imodzi.

Paketi imakhala ndi makhadi 52 a mitundu inayi, mtundu uliwonse 13, ndipo pamwamba pa amenewa pamakhalanso majoka awiri. Tinkasewera masewera amene ambiri amawatcha Knock. Kwathu aliyense amalandira makhadi asanu, otsala amavundikiridwa pakati, ndipo limodzi limatembenuzidwa. Umaponya khadi lofanana ndi la pamwamba pa mtundu kapena pa nambala, ndipo ngati ulibe umatola limodzi pa mulu. Makhadi ena ali ndi mphamvu: ukaponya 2 wotsatira amatola awiri, ukaponya 8 wotsatira amadumphidwa, ndipo ukaponya J umasankha mtundu umene ukufuna. Ukatsala ndi khadi limodzi umagogoda patebulo kapena pansi kuti onse adziwe, ndipo ukaiwala umatola ena. Bambo ankavutika kusiyanitsa makhadi pa kuwala kwa nyali, choncho mtsikana wachiwiri ankakhala pambali pawo ngati maso awo, akuwanong'oneza zimene ali nazo, iwo n'kumasankha choponya. Awiriwa anagwirizana kwambiri chifukwa cha zimenezi, ndipo ndikulangiza banja lililonse lokhala ndi agogo osaona bwino kapena mwana wamng'ono kwambiri kuti liziwaphatikiza ndi wina m'malo mowasiya pambali.

Mkangano waukulu kuposa yonse unabuka pa makhadi omwewa, ndipo sunali wa ana. Amuna anga anaponya joka n'kuuza wachisamba kuti atole makhadi asanu. Mnyamatayo anakana, akuti kwa anzake joka ndi makhadi atatu, ndipo anawonjezera kuti munthu akhoza kubweza chilangocho kwa wotsatira ngati nayenso ali ndi joka. Bambo ake anati zimenezo sanazimvepo. Mawu anakwera, mnyamata anaponya makhadi ake pansi n'kunena kuti akuluakulu amasintha malamulo akaona kuti akugonja, ndipo madzulo amenewo anathera pomwepo. Zoona zake n'zakuti palibe amene ankabera. Knock amaseweredwa mosiyanasiyana, nyumba ndi nyumba, sukulu ndi sukulu, ndipo aliyense amakhulupirira kuti mmene anaphunzirira ndi mmene zilili. M'mawa mwake tinakhala pansi tonse, tinang'amba tsamba la kope, tinakambirana khadi lililonse lamphamvu mpaka titagwirizana, ndipo mtsikana wachiwiri analemba zonse n'kumata pepalalo kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Tinawonjezera lamulo limodzi pansi pake, lakuti wofuna kusintha kanthu anene makhadi asanagawidwe, osati masewera ali mkati. Tinalembanso za ludo, monga zimene zimachitika munthu akapeza 6 katatu motsatizana, ndi za kingi wa drafti, ngati amayenda bokosi limodzi kapena mzere wonse. Pepalalo likadalipo, ndipo mlendo aliyense timamuwerengera asanakhale pansi.

Cholakwa china chinali changa ndi amuna anga tonse awiri. Pofuna kuti masewera akome tinati wogonja azitsuka mbale za madzulo. Patangotha sabata tinaona kuti otsuka mbale anali atsikana awiri okhaokha, chifukwa ndiwo ankagonja kawirikawiri, ndipo anayamba kupeza zifukwa zosaseweretsa. Tinachotsa chilangocho, ntchito za pakhomo zinabwerera pa ndandanda yake. Pambuyo pake mphwawo wa amuna anga, mnyamata wa ku koleji amene anadzacheza masiku angapo, anati aliyense aziika K100 pakati kuti magazi athamange. Ndinakana pomwepo, pamaso pa ana, ndipo amuna anga anandivomereza. Ndinamuuza mwaulemu kuti m'nyumba muno sitiika ndalama, mayunitsi, maswiti ngakhale mtedza pa masewera alionse, chifukwa mwana akazolowera kuti masewera sakoma popanda choikapo, tsiku lina adzakafuna kukomako kwina. M'malo mwake timalemba mapointi m'kope. Wina akamaliza makhadi ake, otsalawo amawerenga amene ali nawo m'manja, khadi la nambala monga mwa nambala yake, la chithunzi 10, ndipo wina akafika 100 masewera atha, wokhala ndi mapointi ochepa ndiye wapambana. Kopelo lili ndi masiku ndi mayina, ndipo ana amakonda kulitsegula n'kumakumbutsana za madzulo akale.

Masewera ogula m'sitolo tinayesako angapo. Mng'ono wanga wa ku Johannesburg anatitumizira Uno, paketi ya makhadi 108 a mitundu yowala, ndipo ana anaukonda chifukwa mphamvu ya khadi lililonse inajambulidwa pa khadi pomwepo, koma kaseweredwe kake n'kofanana kwambiri ndi Knock, moti amene alibe sakuphonya zambiri. Scrabble inathandiza ana awiri akuluakulu pa Chingerezi, koma inkasiya kunja agogo ndi mzime, choncho sitinkaiika pa nthawi ya banja lonse. Monopoly tinabwereka kwa anzathu n'kubweza patatha sabata, chifukwa imatenga maola ambiri, ndipo amene ndalama zamuthera msanga amangokhala n'kumaonerera ena mpaka tulo. Tchesi wachisamba anakaiphunzira sukulu zitatsegulidwa, ndipo amati bawo inamuzoloweretsa kuganizira zimene mnzake achite iye akasewera. Pa zonsezi ndinaona kuti mtengo wa masewera sunena kanthu za kukhalitsa kwake, popeza katoni ya drafti ija tinaijambulanso kachitatu itang'ambika, pamene bokosi la Scrabble lili pamwamba pa kabati.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene tinaphunzira mwa kuchita. Tinkasewera tikatha kudya chakudya chamadzulo, kwa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo tinkasiya ana akadafuna, chifukwa masewera opitirira mpaka wina atayamba kusinza amathera m'kulira. Mafoni onse, kuphatikizapo a akuluakulu, ankakhala kuchipinda, popeza mwana sangadikire bambo amene akuyankha uthenga nthawi yawo yoponya itafika. Tinkayala mphasa pabalaza m'malo mokhala patebulo, ndipo nyali ya sola yokolekedwa pamwamba inkakwanira magetsi akazima. Tsiku lililonse munthu wina ankasankha masewera, kuyambira mzime kukwera mpaka kwa agogo. Nkhomo, timabatani ta ludo ndi dayisi ziziwerengedwa musanazisunge, ndipo ngati m'nyumba muli mwana wokwawa zizikhala patali, chifukwa akhoza kuziika m'kamwa n'kutsamwa. Ngati mulibe nkhomo, timiyala tofanana kukula kapena njere za bwemba zimagwira ntchito bwino lomwe, ndipo bolodi mukhoza kukumba pansi monga anachitira bambo.

Bambo anabwerera ku Nkhotakota mu Okutobala, ana atayambiranso sukulu, ndipo anatisiyira kathumba kawo ka nkhomo ponena kuti kunyanja akapeza zina. Sitinathenso kusewera tsiku lililonse, koma tinasunga madzulo a Lamlungu, ndipo mzime ankayala bawo ndi aliyense amene wamupeza, ngakhale pakati pa sabata. Mu Disembala 2022 tinapita kumudzi kukadya Khirisimasi. Tsiku lachiwiri bambo anatenga mdzukulu wawoyo, amene tsopano anali ndi zaka 9, n'kupita naye pansi pa mtengo wa mango uja. Anzawo anadabwa kuona kamtsikana kakukhala pa benchi, koma anasendera, ndipo anasewera ndi mmodzi wa iwo kawiri n'kugonja kawiri konse.

Madzulo ake anayala bawo ya ana ndi agogo ake pakhonde, pa bolodi yawo yolemera ija, ndipo anakana yekha mwayi wobweza dzanja. Ine ndinali pambali ndikusankha mpunga. Masewera anatenga nthawi, ndipo kenako ndinamva nkhomo zikugwa mosalekeza kumbali ya mwana, akudya, n'kuzungulira, n'kudyanso, mpaka dzanja lake linaima. Bambo anayendetsa zala pa mzere wawo wakutsogolo kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, ndipo munalibe kanthu. Anati, "Wandidya, mayi." Mwanayo sanasangalale msanga. Anawayang'ana kumaso n'kufunsa kuti, "Agogo, simunandisiyire?" Iwo anayankha kuti, "Ndikanakuthandiza ndikanakuuza tisanayambe. Yala tiyambirenso." Pamenepo anaseka, anasonkhanitsa nkhomo zonse ndi manja awiri, n'kuyamba kuika ziwiriziwiri m'maenje, kuyambira mbali ya agogo ake.